Mlongo Wanga Orval

Anali wachibwibwi. Zimenezi nyuzipepala sizinalembe.
Patebulo ankalimbana ndi mawu oti "mchere"
mpaka mbatata kuzizira.
Koma m'banki, amatero amene anagonetsedwa chafufumimba,
lilime lake linkawongoka
ngati njanji ya ku Wichita.

Chaka cha 1932 fumbi linabwera likuyenda ngati khoma.
Tinkatseka mazenera ndi nsanza zonyowa,
komabe tinkadzuka Kansas yense ali m'mano.
Ng'ombe zinkatsokomola usiku.
Tirigu anafera m'nthaka osaona dzuwa.
Kenako anafika bambo Lindqvist a kubanki,
nsapato zili waliwali, pepala m'manja,
napepesa kawiri, nawerenga mabulu athu,
khasu, bedi, ngakhale wotchi imene Orval anakonza yekha.
Bambo anavula chipewa.
Orval anafuna kunena kanthu. Mawu anakakamira pakhosi.
Anangoimirira, milomo ili phiriphiri,
mpaka galimoto inazimirira m'fumbi.

Mabanki khumi ndi limodzi, m'miyezi makumi awiri.
Ife tinkamvera pa wailesi ya m'sitolo ya a Dreiling,
amuna atazungulira mbaula,
akuwomba m'ntchafu ngati mpira wagoletsedwa.
Akuti ankawotcha mapepala a ngongole za amphawi.
Anawotcha kamodzi, ine ndikudziwa,
ndipo banki inali ndi ena m'kabati.
Akuti ankagawira amasiye ndalama.
Ine ananditumizira madola makumi atatu
ndi nsapato zofiira zondithina.

Chimene oimba m'mabala amadumpha ndi ichi:
Emmett Kolb, mlonda wa zaka makumi asanu ndi ziwiri,
amene anapisa dzanja m'thumba kuti atenge mpango,
pakuti fumbi linkamutokosa m'mphuno.
Chipolopolo sichifunsa.
Mkazi wake ndinamuona kamodzi pasiteshoni,
atanyamula sutikesi yomanga ndi lamba wa malemu.
Anandidziwa. Sanandilavulire.
Bola akanatero.

Usiku wina Orval anagogoda kukhomo la kuseri,
atawonda ngati mpanda wa waya,
jekete yodula ikulendewera m'mapewa.
Ndinamuwiritsira mazira. Anadya choimirira,
khutu lili kumsewu.
Ndinamufunsa za Kolb.
Anatsegula pakamwa, "Ver— Ver— Ver—"
dzina langa lomwe, Verna, linamukana.
Anasiya chigoba cha dzira m'mbale, chosweka bwinobwino pakati,
napita.

Tsiku lake la makumi anayi linakwanira kwa wometa,
m'tauni ina ya ku Missouri imene anali asanaibemo kanthu.
Tsaya lina losalala, lina lili ndi thovu,
nsalu yoyera ili m'khosi ngati mwana akudyetsedwa.
Apolisi asanu ndi awiri anawombera pagalasi.
Wometayo, ndamva, anagulitsa lumo lija katatu,
kwa anthu atatu osiyana.

Kunyumba ya maliro mzere unakhota mpaka papositi.
Anabwera ndi ana pamapewa, ndi makamera.
Pofika madzulo jekete inalibe batani ngakhale limodzi,
ndipo wina anali atadula tsitsi la pamphumi.
Ine ndinapempha madzi ofunda.
Ndinamaliza kumumeta tsaya linalo.

Tsopano ndi 1961. Mvula inabwerera kalekale,
tirigu amafika m'chiuno pamene panali khomo lathu.
Achinyamata amaima ndi magalimoto aatali,
kufunsa ngati ndili ndi mfuti yake, chipewa chake,
ngati n'zoona kuti ankaseka akamathawa.
Ndimawauza kuti ankadziwa kukonza mawotchi.
Amayang'anana, n'kubweza zolembera m'matumba.

Lachisanu lililonse ndimapita kubanki
ndi ndalama za mazira zomangidwa m'kampango.
Kalaliki ndi mdzukulu wa a Lindqvist, mwana waulemu.
Amandifunsa dzina la makolo kuti alembe,
ndipo kwa kamphindi kakang'ono,
pansi pa wotchi yaikulu imene imatsalira ndi mphindi zinayi,
nanenso limandikakamira pakhosi.